Mkazi Wanga Odita ndi Nyumba ya ku Ngong

1

"Awa ndi amuna awo a Lenah."

Umu ndi mmene anthu ankandidziwitsira kwa alendo paphwando lililonse la Amalawi mu Nairobi. Dzina langa ndine Vitus, koma linkachita ngati latsalira pabwalo la ndege ku Lilongwe. Ndinkaseka nawo, kugwirana nawo chanza, m'kati ndikupsa.

Tinabwera kuno chifukwa cha ntchito ya mkazi wanga. Kwathu Lenah ankalondoloza chuma cha boma, ntchito ija ambiri timangoti uodita. Bungwe lina lakunja linamutenga kuti azidzaphunzitsa maodita a maboma a chigawo chino. Ine ndinali mphunzitsi wa masamu ku sekondale. Ndinasiya choko n'kunyamula zikwama. Aliyense ankati ntchito ndikaipeza konko. Sindinaipeze. Yanga inakhala kukasiya mwana wathu Luso kusukulu, kulimbana ndi mdipiti wa magalimoto mu Mombasa Road, kugula ndiwo zamasamba za sukuma pamsika wa ku South C kumene tinkakhala, n'kudikira kuti mwini nyumba aweruke.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankandiitana ndi dzina langa: a Arthur, wapampando wa bungwe la Amalawi okhala mu Nairobi. Anali bambo wathupi, wapakamwa potsekemera, wantchito yapamwamba, banja lawo lili ku Blantyre. Ankanditengera kokadya nyama yootcha, kundifunsa maganizo ngati ndine munthu. Mchemwali wanga Watipa atabwera kudzaphunzira za mahotela, a Arthur ndi amene anamupezera thandizo la fizi kuchokera kubungwe.

"Mchemwali wa Vitus ndi mchemwali wanga," anatero akudziguguda pachifuwa.

Ndinawakhulupirira kuposa mmene ndinkakhulupirira munthu amene ndinkagona naye bedi limodzi.

2

Bungwe lathu lili ndi nyumba ya lendi ku Ngumo, pafupi ndi zipatala. Timasonkherana kuti odwala ochokera kwathu ndi owadikirira azifikira mmenemo. Linalinso ndi odita kuyambira kalekale, koma ankachita kulozedwa ndi wapampando. Chaka ndi chaka ankaimirira, kunena kuti zonse zili bwino, ife n'kuomba m'manja, n'kuthamangira kuchakudya.

Chaka chatha zinasintha. Mayi wina wa ku Kasungu amene anabwera ndi mwamuna wake wodwala impso anadandaula kuti anauzidwa kuti nyumbayo ndi yodzaza, ndipo anagona pabenchi ya chipatala. Pamsonkhano waukulu, mu holo ya tchalitchi, Lenah anakweza dzanja.

"A wapampando, ndikufuna ndikuuzeni zimene ndimaphunzitsa kuntchito. Ku Amereka, m'zigawo pafupifupi theka, odita wa boma la chigawo sasankhidwa ndi bwanamkubwa. Amavoteredwa ndi anthu. Poyamba akuluakulu ankangoloza munthu wawo. Koma m'zaka za m'ma 1800 maboma ena atamira m'ngongole zokumbira ngalande ndi kuyala njanji, anthu anati basi, woyang'anira nkhokwe yathu tizimusankha tokha. Bwanamkubwa sangamuchotse akamukwiyira. Zimene wapeza amauza anthu. Ndipo sangoyang'ana manambala ayi. Amapita kukaona ngati mlatho umene unalembedwa ulipodi, ngati m'nyumba ya odwala mukugona odwala."

"Ife si Aamereka, mayi!" wina anakuwa kumbuyo.

"Zoona," anayankha Lenah. "Koma ngakhale ku Dedza kwathu galu sauwa mwini wake."

Holo yonse inaphulika ndi chiseko. A Arthur nawo anaseka, koma maso awo sanaseke. Lamulo linasinthidwa tsiku lomwelo: odita azivoteredwa mwachinsinsi, ndipo womuchotsa akhale msonkhano wa anthu onse basi. Amayi anatchula dzina la Lenah. A Arthur anaimika mnzawo, a Griffin. Tinaponya timapepala mu katoni.

Lenah anapambana moonekeratu. Amayi analulutira, ophunzira anamuzungulira. Ine ndinamukumbatira anthu akujambula. Palibe amene anadziwa kuti pakapepala kanga ndinalemba dzina la a Griffin. Ndinkadziuza kuti ndikumuchepetsera ntchito. Chilungamo chake n'chakuti ndinali nditatopa kumva dzina lake likutchulidwa.

3

Sipanapite nthawi, Lenah anasintha. Foni ikaitana ankatuluka nayo pakhonde. Loweruka, tsiku lokhalo limene tinkakhala pamodzi, ankatenga galimoto m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka, maso atatupa ngati amalira. Dzina limene linkabwerabwera pafoni yake linali limodzi: Chancellor.

Ndinkamudziwa. Ndi namwino pachipatala china chachikulu, mmodzi wa akuluakulu osunga malamulo a bungwe lathu. Munthu wamtali, wofatsa, wa manja aukhondo, wa ntchito yake. Zonse zimene ine ndinalibe.

Tsiku lina tikumwa tiyi ndinafunsa.

"Mayi a Luso, kodi Loweruka mumapita kuti?"

"Ndi za bungwe, bambo a Luso."

"Za bungwe zimachitikira kuti?"

Anaika kapu pansi. "Ndinalonjeza munthu kuti sindinena. Nthawi ikakwana mudzamva, ndipo mudzamva kwa mwiniwake. Ndikupempha mundikhulupirire."

"A Chancellor ndiye akudziwa?"

"Akudziwa."

"Ine mwamuna wanu ayi."

"Inu panopa ayi."

Mawu amenewo anandilowa ngati minga. Ndinayamba kununkhiza zovala zake, kuyang'ana mpando wa m'galimoto ngati wasunthidwa kuti akhalepo munthu wa miyendo yaitali. Ndiye tsiku lina ndikutsuka galimoto ndinapeza kajumbo ka kusitolo ya mankhwala pansi pa mpando. M'kati munali mapiritsi aja amapatsa amayi oyembekezera kuti awonjezere magazi.

Ndinakhala pansi pomwepo, madzi akusefukira mu ndowa. Ine ndi Lenah tinagwirizana kalekale kuti Luso akhala yekha, chifukwa pobadwa anatsala pang'ono kutenga moyo wa amayi ake. Komanso kwa miyezi ingapo tinkagona chofulatirana. Ndinabisa kajumboko m'thumba la jekete langa.

4

A Arthur anandiitanira tiyi m'tauni, pamalo ena odyera pafupi ndi pokwerera maminibasi amene kuno amati matatu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, akupukusa mutu.

"Achimwene, mwaondatu. Kunyumba kuli bwino?"

"Kuli bwino."

"Ine sindikufuna kukuphwanyirani banja. Koma mwamuna mnzanga akamasekedwa kumbali, ine tulo sindipeza. Anthu akuwaona alamu ndi Chancellor m'galimoto mwanu, akulowera cha ku Ngong Road. Kodi mabuku a bungwe amasungidwa ku Ngong?"

Ndinawauza zonse. Za foni, za Loweruka, za mapiritsi. Nditatchula mapiritsiwo anasiya kutakasa tiyi, supuni ili m'manja.

"Mapiritsi a oyembekezera?"

"Eya."

"Ndiye nkhaniyi yakula," anatero motsitsa mawu. "Mukadziwa kumene amapita, mundiuze ine poyamba. Musachite zinthu nokha. Nanga Watipa, akuimba foni?"

"Ali ku Mombasa, akuphunzira ntchito pahotela. Amangolemba mauthenga, akuti ntchito yachuluka."

"Mwana wabwino ameneyo," anatero, n'kuitanitsa mandazi ena.

Ndinatuluka mmenemo ndikumva kuti padziko pano ndili ndi m'bale.

5

Loweruka lotsatira ndinakasiya Luso kwa anzake, n'kuitana takisi. Lenah atatuluka pageti ndinauza woyendetsa kuti atsatire galimoto yathu yotuwayo. Anali bambo wachikulire wa konkuno. Anandiyang'ana pagalasi.

"Ndi mkazi wanu, mzee?"

Ndinagwedeza mutu.

"Pole," anatero, kundipepesa m'Chiswahili.

Tinadutsa Karen, tinakwera mpaka ku Ngong. Mphepo ya kumapiri inkauluza fumbi ndi mapepala pamsika. Lenah anaima, anagula mapapaya, chiwindi ndi mkaka, kenako anakhotera mumsewu wafumbi. Anakaima pageti yobiriwira. Ife tinaima chapatali, kuseri kwa lole ya mchenga.

Geti inatseguka. Anatuluka Chancellor atavala kabudula ndi patapata, ngati munthu amene ali pakhomo pake. Analandira majumbo. Analankhula kanthu, Lenah n'kugwira pakamwa. Kenako mkazi wanga, amene sanaliriepo paphewa langa chibwerere ku Kenya, anatsamira pachifuwa cha mwamuna uja n'kuyamba kulira. Chancellor anamugwira kumsana.

Ndinatulutsa foni n'kujambula. Chithunzi chinatuluka bwino kwambiri. Ndikanatha kutsika. Ndikanatha kugogoda pageti n'kufunsa. M'malo mwake ndinatsegula gulu la WhatsApp la Amalawi onse a mu Nairobi, mmene muli abusa, ophunzira, amayi a chigwirizano ndi mabwana a Lenah amene. Ndinaika chithunzicho, pansi pake n'kulemba kuti: "Odita wathu ali pantchito."

Nditadina, ndinamva kukoma. Ndisaname. Kwa nthawi yoyamba mu Nairobi anthu onse ankatchula dzina langa.

6

Lenah anafika madzulo, dzuwa lisanalowe. Sanakuwe. Anaima pakhomo la pabalaza, makiyi ali m'manja.

"Mwauza ndani kumene kuli nyumba ija?"

Ndinaseka. "Ndiye chimene chikukudetsa nkhawa n'chimenecho? Osati banja lako? Osati mwana wako?"

Chikwatirane ndinali ndisanamutchulepo kuti iwe. Anaphethira, koma sanabwerere m'mbuyo.

"Bambo a Luso, nditukwaneni mmene mungathere. Koma musauze munthu kumene kuli nyumbayo. Makamaka a Arthur."

"Chifukwa angakuchotse pampando?"

"Sangandichotse. Inu mukudziwa."

Ndinatulutsa kajumbo kaja n'kukaponya patebulo. "Nanga izi? Mimbayo ndi ya Chancellor?"

Anayang'ana mapiritsiwo, kenako ine. Ndinaona kuti mawu afika pakamwa, koma anawameza.

"Si anga."

"Ndi a ndani?"

"Ndipatseni mawa lokha. Ndikapemphenso chilolezo kwa mwiniwake. Mawa lokha."

Anakagona kuchipinda cha Luso. Foni yanga inkangolira. Ena ankandipepesa, ena ankafunsa zambiri, ena ankatumiza tizithunzi toseka. A Arthur analemba pagulu kuti, monga wapampando, alibe mphamvu yochotsa odita wosankhidwa ndi anthu, choncho akuitanitsa msonkhano wa onse Lamlungu la sabata yotsatira kuti anthu aweruze okha. Kenako anandiimbira.

"Achimwene, chithunzi chimodzi adzachikana. Tiyeni mawa tikawapezeretu konko. Ine ndikhale mboni yanu. Njira mukuikumbukira?"

"Ndikuikumbukira," ndinatero.

7

M'mawa wa Lamlungu ndinapeza Lenah atachoka kale ndi galimoto. A Arthur anabwera kudzanditenga. Njira yonse ankaimba mluzu, ine ndikulozera: apa khotani, apa pitirirani. Galimoto yathu yotuwa inali pageti yobiriwira ija.

Ndinamenya geti ndi chibakera. Anatsegula mayi wamfupi, wonyamula mwana m'manja.

"Karibu. Mukufuna ndani?" Chichewa chake chinali chophunzira ukulu.

"Inu ndinu ndani?"

"Ndine Consolata, mkazi wa Chancellor. Pano ndi pakhomo panga."

Sindinaganizepo kuti m'nyumba imene ndinkaitcha ya chibwenzi mungakhale mkazi wa mwini nyumba ndi ana. Koma a Arthur anali atakankha kale geti. Ndinawatsatira.

Pabalaza panali sutikesi yotseka ndi majumbo omangamanga, ngati munthu akusamuka. Lenah anali atagwada akumanga chikwama. Atationa anadzuka, nkhope yake inachita ngati yathiridwa phulusa.

"Vitus, mwachita chiyani?"

Chitseko cha kuchipinda chinatseguka. Anatuluka mtsikana atavala diresi lalikulu la Consolata, kapu ya phala ili m'manja, mimba ili patsogolo, miyendo yotupa. Ndinayamba ndazindikira chipsera cha pachibwano, chimene anavulala atagwa panjinga yanga ali mwana.

Anali Watipa.

Sanayang'ane ine. Anayang'ana munthu amene anaima kumbuyo kwanga. Kapu inagwa, phala linamwazika pansi. Anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma, manja onse awiri atagwira pamimba.

"Achimwene," ananong'ona, "mwabwera nawo?"

"Watipa," anatero a Arthur ndi mawu aja otsekemera, "wandivutitsatu iwe. Tenga katundu wako, tikakambirane ngati akuluakulu."

Ndinatembenuka n'kuwayang'ana. Pamenepo zonse zinagwera m'malo mwake: supuni ija inaima m'malere, funso lija la ku Mombasa, mluzu wa m'galimoto. Sankafuna mkazi wanga. Ankasaka mchemwali wanga, ndipo amene anawalondolera mpaka pakhomo ndinali ine.

Ndinawagwira pakhosi. Sindikumbukira bwino zimene zinatsatira, koma Chancellor anatulukira kukhitchini n'kundikoka ndi manja ake aukhondo aja, Consolata akukuwa kuti aitana apolisi. A Arthur anakonza kolala, anatiloza chala mmodzimmodzi, n'kutuluka. Anandisiya komweko.

8

Ndinakhala pampando wa pabalaza ngati wobwera kumaliro. Watipa anakana kukhala pafupi nane. Analankhula ali pakhomo la chipinda, Consolata atamugwira dzanja.

A Arthur anayamba ndi kumutengera kokadya, ati mwana wa kwathu asamasowe. Kenako anamuchotsa kumalo ogona ophunzira n'kukamuika m'nyumba ya odwala ya ku Ngumo, ati akapeze bata lowerengera. Odwala akaimba foni ankauzidwa kuti nyumba ndi yodzaza. Watipa akafuna kuchoka ankamukumbutsa amene amasainira fizi yake. Anamulanda pasipoti, ati aisunge pabwino. Atawauza kuti ndi woyembekezera, anamupezera munthu woti achotse mimbayo. Iye anakana. Kuyambira pamenepo ankamukhomera m'nyumba akamachoka.

"Nditangosankhidwa ndinapita kukaona nyumbayo osauza munthu," anatero Lenah, osandiyang'ana. "Ndiyo ntchito imene anandivotera. Ndinayembekeza kupeza odwala. Ndinapeza chitenje chimene ndinawagulira alamu chili pachingwe, iwo akundiyang'ana pawindo. Ndinaitana wothyola loko. Koma odita sangakhale mboni yekha pankhani ya m'bale wake, anthu angati wapeka. N'chifukwa chake ndinaitana a Chancellor kuti adzaone ndi maso awo. Iwo ndi akazi awo anati abwere kuno."

"Nanga dzulo? Pageti?"

Anayankha ndi Chancellor. "Ndinkawauza kuti kuthamanga kwa magazi a Watipa kwakwera kwambiri, mwana akhoza kubadwa masiku asanakwane. N'chimene ankalirira."

Ndinatembenukira kwa mchemwali wanga. "Watipa, bwanji sunandiuze? Ine mlongo wako?"

Anandiyang'ana koyamba tsiku limenelo.

"Alamu anandipempha kangapo kuti ndikuuzeni. Ngakhale m'mawa uno. Ndinakana ndine."

"Chifukwa chiyani?"

"Mukanawauza, achimwene. Chilichonse mumawauza a Arthur."

Ndinafuna kutsutsa. M'malo mwake ndinangoyang'ana phala limene linali pansi.

Tsiku lomwelo anamusamutsira kwa achibale a Consolata. Kumene anapita sanandiuze, ndipo sindinafunse.

9

Ndinkaganiza kuti a Arthur sabwera kumsonkhano. Anabwera, atavala suti, n'kukhala pampando wawo. Holo inadzaza kuposa tsiku la chisankho. Anthu amene sanasonkhepo anabwera kudzaona mkazi wa pachithunzi.

"Abale anga," anayamba a Arthur, "tinatengera nzeru za kunja, lero taonani. Munthu amene sangasunge banja lake angasunge bungwe?"

Lenah anapempha kuti lamulo litsatidwe: odita asanachotsedwe, anene zimene wapeza. Anaimirira. Sanatchule chithunzi, sanatchule ine. Ananena kuti m'nyumba ya ku Ngumo simunagone wodwala kwa nthawi yaitali, kuti mabanja angapo anabwezedwa, kuti munkasungidwa wophunzira wina mosafuna iye, ndipo makiyi anali ndi wapampando. Chancellor anachitira umboni.

"Wophunzira wake uti?" anakuwa a Arthur. "Mboni yake ndi chibwenzi chake chomwe! Atchule dzina!"

"Dzina si langa kuti nditchule," anatero Lenah.

Anthu anayamba kung'ung'udza. Ndinaona kuti akumutaya. Ndinaimirira.

"Chithunzi chija ndinajambula ndine. Ndinanama. Mkazi wanga sanalakwe."

"Wakunyengerera usiku!" wina anakuwa, holo n'kuseka. Mawu anga analibenso mtengo. Ndinali nditawagulitsa ndekha.

Kenako kumbuyo kunachita zii, bata lija n'kumayenda mzere ndi mzere kubwera kutsogolo. Watipa ankayenda pang'onopang'ono pakati pa mipando, Consolata ali pambali pake. Palibe amene ankadziwa kuti abwera, ngakhale Lenah. Anafika kutsogolo, anatembenukira anthu.

"Dzina ndi langa. Ndine Watipa. A wapampando, ndikupempha pasipoti yanga."

Mayi wina anayamba kulira. A Griffin, amene anakhala pafupi ndi a Arthur, anasuntha mpando wawo. Katoni ya mavoti ija inazungulira. Lenah anatsala paudindo wake, a Arthur anachotsedwa tsiku lomwelo. Pasipoti inabwera ndi abusa patapita masiku ochepa, nkhani yomukhomera m'nyumba inakafika kupolisi, ndipo a Arthur sakuonekanso pakati pathu. Nyumba ya ku Ngumo munalowa odwala mwezi womwewo.

10

Ndinkayembekeza kuti poti choonadi chadziwika, kunyumba zinthu zibwerera. Tikutuluka mu holo ndinathamangira kukamutsegulira Lenah chitseko cha galimoto. Analowa n'kuyendetsa mpaka ku South C. Atazimitsa galimoto anayankhula akuyang'ana kutsogolo.

"Mukanandikalipira m'nyumba, ndikanamvetsa. Ndinakubisirani chinthu, ndipo chinakupwetekani, ndikudziwa. Koma inu munandivula pamsika. Chithunzi chija chafika kwa amayi ku Dedza. Chafika kuntchito. Luso anachionetsedwa ndi mnzake kusukulu. Ndipo mmene munkachitumiza, simunkalira ayi. Mawu aja munalemba pansi pake ndi a munthu amene akusangalala."

Sindinakane.

"Si Chancellor amene munkamuchitira nsanje, bambo a Luso. Ndi ine."

Panopa ndikukhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya Mmalawi wina ku Ngong. Ankhoswe akukambirana pafoni, wina ali ku Dedza, wina ku Mchinji. Lenah sanati banja latha, sanatinso ndibwerere. Luso ndimamuona Loweruka. Watipa anachira ndi mwana wamkazi, wobadwa masiku asanakwane koma wamoyo, dzina lake Chiyamiko. Anandilola kumunyamula kamodzi, iye ataima pafupi, manja ali okonzeka kumulanda.

Inu amene mukuwerenga, makamaka amuna anzanga amene akazi anu akukwera inu mutaima: ululu umenewo ndi weniweni, musaunamize. Koma muutchule dzina lake lenileni msanga, muuze mkazi wanuyo kuti zikukupwetekani. Ine ndinaubisa, unakula, ndipo munthu wochenjera anaununkhiza n'kuugwiritsa ntchito ngati chingwe chondikokera kumene ankafuna. Anthu a mu holo ija anamukhulupirira Lenah mokwana kumupatsa makiyi a bungwe lonse. Ine, amene ndinalumbira naye kutchalitchi, ndinalephera kumupatsa tsiku limodzi limene anapempha.

Chithunzi chija chikuyendabe. Chimafika m'mafoni a anthu amene sanamvepo za msonkhano uja, ndipo amaseka. Ngati chili m'foni mwanu, chonde chifufuteni. Ngati simungathe, mukamaonetsa anzanu muziwauza kuti anthu awiri amene akuonekawo ankalirira mwana wodwala, ndipo wolakwa pachithunzipo ndi amene sakuonekayo.